Timabokosi ta Nthabwala pa Kompyuta: Zoyenera Kuchita Tikakana Kutuluka Kapena Tikakana Kuchoka

M'maofesi a m'tauni muno, m'timashopu tosindikiza mapepala ta ku Limbe ndi ku Ndirande, ngakhale pa malaputopu a ophunzira ku Chichiri, vuto ili silitha. Munthu wapatsidwa kapulogalamu kotulutsa kabokosi pa sikirini, konena zoseketsa ngati "Kompyuta yatopa, ipatseni tiyi", ndipo akufuna kupusitsa mnzake. Kwa ena kamakana kuyamba. Kwa ena kamayamba bwinobwino, kenako kamakana kusiya, mpaka ntchito ya tsiku lonse kuima. Mwezi wa Epulo ukamayamba madandaulo otere amachuluka, koma amabwera chaka chonse, ndipo mafunso ake ndi omwewomwewo.

Choyamba, dziwani chimene mwagwira

Timapulogalamu tambiri totere pa Windows ndi fayilo yothera ndi .vbs, yolembedwa mu Notepad. Mzere umodzi ndi wokwanira:

MsgBox "Mwadya kale?", 48, "Chenjezo"

Nambala yapakatiyo ndiyo imasankha chizindikiro: 16 ndi mtanda wofiira wa vuto lalikulu, 32 ndi chizindikiro cha funso, 48 ndi chenjezo, 64 ndi uthenga wamba. Chimene chimayendetsa fayiloyo ndi pulogalamu ya Windows yotchedwa wscript.exe. Dzina limeneli lisungeni m'mutu, tikumana nalo kangapo. Nthabwala zina zimabwera ngati fayilo ya .bat, zina ngati .exe.

Kusiyana kwake ndi kwakukulu. Fayilo ya .vbs kapena .bat mungathe kuitsegula mu Notepad n'kuwerenga zonse zimene ichite musanaiyendetse. Ya .exe simungaiwerenge. Ine ndimalangiza kuti nthabwala ya .exe yochokera pa gulu la WhatsApp kapena pa webusayiti yosadziwika musaikhudze n'komwe. Chifukwa chake n'chakuti khomo limene nthabwala imalowera ndi lomwelo limene vayirasi imalowera. Vayirasi ya ILOVEYOU, yomwe inafalikira padziko lonse mu Meyi 2000, inali fayilo ya .vbs yodzionetsa ngati kalata yachikondi.

Chizindikiro 1: Mwadina fayilo, koma palibe chikutuluka

Zifukwa zake, kuyambira chofala kwambiri:

- Fayilo yasungidwa ngati .txt. Windows imabisa mapeto a mayina a mafayilo, ndiye mukuona "uthenga.vbs" pomwe dzina lenileni ndi "uthenga.vbs.txt". Mukadina, Notepad ndiyo imatseguka. Mu File Explorer pitani pa View, muyatse File name extensions, kenako muchotse .txt yakumapetoyo. Posunga ulendo wina, pa Save as type sankhani All files.
- Antivayirasi yaigwira mwakachetechete. Tsegulani Windows Security, kenako Virus & threat protection, kenako Protection history. Ngati ili m'menemo, werengani Chizindikiro 5 musanachite china chilichonse.
- Windows yaiona kuti yachokera pa intaneti ndipo yaitsekereza. Dinani fayiloyo ndi batani la kumanja la mausi, sankhani Properties, ndipo pansi muona kabokosi ka Unblock. Chongani pokhapokha ngati mwawerenga zam'kati mwake.
- A IT a pa ofesi anatseka njirayi dala. Pamatuluka mawu akuti "Windows Script Host access is disabled on this machine". Apa lekani. Anatseka pofuna kuteteza makompyuta a kampani, ndipo kuyesa kutsegula nokha kungakuikeni m'mavuto ndi abwana.
- VBScript mulibemo m'kompyutamo. Microsoft inalengeza mu 2023 kuti ikusiya pang'onopang'ono chilankhulo chimenechi, ndipo kuyambira pa Windows 11 ya 24H2 chinakhala chinthu choti chingathe kuchotsedwa pa Optional features. Ngati chinachotsedwa, fayilo ya .vbs siyenda.
- Ngati nthabwala yanu ndi ya .bat yogwiritsa ntchito lamulo la msg, dziwani kuti lamuloli limapezeka pa Windows ya Pro koma pa ya Home palibe. Malaputopu ambiri a kaunjika amabwera ndi imodzi mwa ziwirizi, choncho yang'anani pa Settings, System, About.

Chizindikiro 2: Kwatuluka uthenga wa vuto, kapena zilembo zasokonekera

Kabokosi kakatuluka kolembedwa Windows Script Host pamwamba, kokhala ndi Line, Char ndi Code, ndiye kuti fayilo yayenda koma kalembedwe kali ndi cholakwika. Nambala ya pa Line ikukuuzani mzere woti muuyang'ane.

- Code 800A0408: muli chilembo chimene Windows sikuchizindikira. Kawirikawiri ndi timikodolero topindika ta mawu ogwidwa, tomwe timabwera mukakopera kuchokera mu Word kapena pa foni. Tifufuteni, mutilembenso ndi kiyibodi mu Notepad momwemo kuti tikhale toongoka. Vutoli likaloza Line 1, Char 1, ndiye kuti fayilo inasungidwa ngati UTF-8 with BOM. Isungeninso mwa mtundu wina, monga UTF-16 LE, m'njira imene tafotokoza pansipa.
- Code 800A0409: mwatsegula mawu ogwidwa koma simunatseke.

Pali vuto lina limene limatipeza ife olemba Chichewa makamaka. Mwalemba "Malaŵi" koma pa sikirini patuluka "MalaÅµi", kapena mwalemba "m’mawa" ndi kankhodolero kopindika, patuluka "mâ€™mawa". Notepad ya masiku ano imasunga mafayilo ngati UTF-8, pomwe wscript.exe siwerenga bwino mtundu umenewu. Sankhani Save as, ndipo pa Encoding musankhe UTF-16 LE, yomwe pa Windows yakale imangolembedwa kuti Unicode. Mukatero, ŵ wathu atuluka bwino. Mtundu wa ANSI ulibe chilembo chimenechi, ndiye musautaye nawo nthawi.

Chizindikiro 3: Mukatseka kabokosi, kena kakutuluka, osatha

Apa ndi pamene anthu ambiri amachita mantha n'kuzula chingwe cha magetsi kukhoma. Musatero. Kompyuta ya pa desiki ikathima mwadzidzidzi, ntchito yosasungidwa imatayika, ndipo nthawi zina mafayilo a Windows amawonongeka. Timabokosito mwa ito tokha sitiwononga kanthu.

- Chofala kwambiri: mu fayilo muli mawu akuti Do pamwamba ndi Loop pansi, omwe amauza kompyuta kubwereza mpaka kalekale. Kudina OK kapena mtanda wa pakona sikuthandiza. Dinani Ctrl, Shift ndi Esc nthawi imodzi kuti Task Manager, zenera loonetsa mapulogalamu onse amene akuyenda, itseguke. Fufuzani dzina lakuti Microsoft Windows Based Script Host, kapena wscript.exe pa tsamba la Details, ndipo dinani End task.
- Fayilo inadinidwa kangapo, ndiye ma wscript.exe alipo ambiri. Mukapha imodzi, ina idakalipo. Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, mulembe taskkill /f /im wscript.exe ndipo dinani Enter. Lamuloli limatseka onse nthawi imodzi.
- Kabokosi kakukhala pamwamba pa mazenera ena onse. Wolemba anawonjezera nambala 4096. Kakusokonezani maso chabe. Windows ndi R zigwirabe ntchito.
- Ndi fayilo ya .bat yomwe ikutsegula mazenera akuda ambirimbiri mpaka kompyuta kuuma. Iyi ndi nthabwala yoipa chifukwa imadzaza RAM. Yesani taskkill /f /im cmd.exe. Zikakanika, dinani Ctrl, Alt ndi Delete, musankhe Sign out, podziwa kuti zimene simunasunge zitayika. Kugwira batani lothimitsira kwa masekondi angapo kukhale komalizira, zina zonse zitalephera.

Ngati m'malo mwa kabokosi wamba Windows ikunena kuti ithima pakapita mphindi imodzi kapena ziwiri, wina waika lamulo la shutdown mu nthabwalayo. Dinani Windows ndi R msanga, mulembe shutdown /a. Lamuloli limagwira pokhapokha nthawi yowerengayo isanathe.

Kwa inu amene mukukonza nthabwala: musaike Do ndi Loop. Timabokosi titatu kapena tinayi totsatizana n'tokwanira kuseketsa munthu, ndipo komaliza kanene poyera kuti inali nthabwala ndi amene waichita. Muiyese kaye pa kompyuta yanu, ndipo mukhale pafupi pamene mnzanuyo akuiona.

Chizindikiro 4: Uthenga ukubwera nthawi iliyonse kompyuta ikayatsidwa

Mwaupha mu Task Manager, mawa wabweranso. Ndiye kuti wina anauika pamalo pomwe Windows imayang'ana ikamadzuka. Malo ake ndi awa:

- Foda ya Startup. Dinani Windows ndi R, mulembe shell:startup. Fayilo iliyonse ya .vbs kapena .bat, kapena shortcut yoloza ku fayilo yotero, ichotseni. Kenako mulembe shell:common startup, yomwe ndi foda ya onse ogwiritsa ntchito kompyutayo.
- Mndandanda wa Startup mu Task Manager. Chimene simukuchidziwa, chidineni ndi batani la kumanja, musankhe Open file location kuti muone kumene chikukhala, kenako Disable.
- Task Scheduler. Uthenga ukamabwera pa ola lomwelomwelo tsiku lililonse, mwachitsanzo nthawi ya nkhomaliro, gwero lake ndi kuno. Lembani taskschd.msc, mutsegule Task Scheduler Library, muyang'ane tsamba la Actions pa ntchito iliyonse yokayikitsa. Ikatchula wscript.exe kapena fayilo ya .bat, sankhani Disable. Musafulumire kufufuta, chifukwa mapulogalamu enieni ngati Chrome amasunganso ntchito zawo momwemo.
- Registry, nkhokwe imene Windows imasungamo makonzedwe ake, pa malo otchedwa Run. Anthu a nthabwala wamba safika kuno kawirikawiri. Mukapeza kuti uthengawo ukuchokera m'menemu, yambani kuganiza kuti si nthabwala. Ngati simunagwirepo Registry, musaphunzirire pa kompyuta ya ntchito. Akatswiri amagwiritsa ntchito pulogalamu yaulere ya Microsoft yotchedwa Autoruns, yomwe imaonetsa malo onsewa pamodzi.

Njira yachidule kuposa zonse ndi kufunsa. Pa ofesi ya anthu asanu, amene anaika amadziwika, ndipo angakuuzeni mu mphindi imodzi pamene anabisa fayiloyo.

Chizindikiro 5: Antivayirasi ikuchenjeza kapena yafufuta fayilo

Pano ndikufuna tichedwepo, chifukwa ndi pamene anthu amalakwitsa zinthu zodula. Mnzanu akuti, "Achimwene, ingothimitsani antivayirasiyo, imangolira zilizonse." Musamvere. Yang'anani kaye dzina limene Microsoft Defender, antivayirasi ya Windows, yapatsa fayiloyo mu Protection history. Mawu oyamba a dzinalo amanena mtundu wake:

- Joke: ndiye kuti yadziwika ngati pulogalamu yoopseza kapena kuseleula, yosawononga mafayilo.
- PUA: pulogalamu yosafunika, kawirikawiri yobweretsa zotsatsa malonda kapena yolowetsa mapulogalamu ena mobisa. Ichotseni.
- Trojan, Worm, Backdoor kapena Ransom: iyi si nthabwala, ngakhale itulutse kabokosi koseketsa. Isiyeni mmene Defender yaitsekeramo, ndipo muuze amene anakupatsani kuti nayenso aunike kompyuta yake.

N'zoona kuti nthawi zina antivayirasi imaganizira fayilo yosalakwa. Njira yotsimikizira ndi kuiwerenga nokha. Dinani ndi batani la kumanja, musankhe kuitsegula ndi Notepad, osati kuidina kawiri. Nthabwala yoona ndi yaifupi ndipo imawerengeka: MsgBox, mwina WScript.Sleep yodikirira, basi. Zinthu izi mukaziona, tsekani ndi kufufuta:

- adiresi ya pa intaneti yoyamba ndi http, kapena mawu akuti powershell;
- RegWrite, CopyFile kapena DeleteFile;
- mu fayilo ya .bat, malamulo a del, rd, format kapena reg add;
- mizere italiitali ya manambala ndi zilembo zosamveka, yokhala ndi Chr kapena Execute. Munthu wofuna kukuseketsani alibe chifukwa chobisira zimene walemba.

Fayilo ya .exe mungaitumize pa webusayiti ya VirusTotal, yomwe imaiunika ndi mapulogalamu ambiri a antivayirasi nthawi imodzi. Kumbukirani kuti zotumizidwa kumeneko zimaonedwa ndi akatswiri ena, choncho musatumizeko zikalata za ofesi. Ndipo musaike foda yonse ya Downloads pa mndandanda wa Exclusions, wa zinthu zimene antivayirasi siziunika, pofuna kuti nthabwala iyende. Ndi chimodzimodzi kusiya geti lotsegula usiku wonse chifukwa cha mlendo mmodzi.

Chizindikiro 6: Aliyense akukana kuti sanaike kanthu, koma mauthenga akubwerabe

Mwina akunena zoona.

- Chofala kwambiri ndi zidziwitso za mawebusayiti. Tsiku lina munadina Allow pa webusayiti ya mpira kapena ya mafilimu, ndipo tsopano timauthenga tikutuluka pakona yakumanja, pansi, tonena kuti muli ndi mavayirasi kapena mwawina foni. Yang'anitsitsani, muona dzina la Chrome kapena Edge pa kauthengako. Mu Chrome lembani chrome://settings/content/notifications pamalo olembapo adiresi, mu Edge lembani edge://settings/content/notifications, ndipo muchotse mawebusayiti onse osawadziwa.
- Tsamba lodzaza sikirini yonse, lolira alamu, lopereka nambala ya foni yoti muimbe. Awa ndi akuba. Mauthenga enieni a vuto a Windows sakhala ndi nambala ya foni. Gwirani Esc kwa kanthawi kapena dinani F11, kenako Alt ndi F4. Musaimbe, musalole munthu kulowa m'kompyuta yanu ali kutali, ndipo musatumize ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba kwa aliyense wolonjeza kukutsegulirani.
- Vayirasi ya pa fulashi. Iyi ndi yodziwika kwa aliyense amene amayenda ndi fulashi kukasindikiza mapepala. Mafoda anu onse asanduka ma shortcut, ndipo nthawi zina kompyuta ikayaka pamatuluka kabokosi ka Windows Script Host konena kuti sikakupeza fayilo inayake ya .vbs. Anthu amakayesa nthabwala chifukwa kamafanana nayo, koma mavayirasi a mtundu umenewu amagwiritsa ntchito wscript.exe yomweyo, ndipo ena amapatsa munthu wakutali mphamvu pa kompyuta yanu. Musadine ma shortcut amenewo. Unikani kompyuta ndi fulashi yomwe ndi Full scan, kenako Microsoft Defender Offline scan, yomwe imathimitsa kompyuta n'kuiunika Windows isanadzuke. Mafayilo anu nthawi zambiri sanafufutidwe, angobisidwa. Mukamaliza kuunika, tsegulani Command Prompt mulembe attrib -h -r -s /s /d E:\*.* koma m'malo mwa E muike chilembo cha fulashi yanu.

Ngati kompyuta yanu ili pa Windows 10, dziwani kuti Microsoft inasiya kuithandiza mwa nthawi zonse pa 14 Okutobala 2025. Pa kompyuta yotero samalani kwambiri ndi chilichonse chochokera kunja.

Makompyuta osayenera kuseweretsa

Nthabwala pa laputopu ya mchimwene wanu kunyumba ndi nkhani ina. Pa kompyuta ya kashiya, ya akaunti kumapeto kwa mwezi, ya kuchipatala, kapena ya wophunzira amene akumaliza ntchito yoti apereke mawa, musayerekeze. Munthu akaona mtanda wofiira ndi mawu akuti mafayilo akufufutidwa, amachita chilichonse mwamantha, ndipo zowonongeka zimabwera ndi manthawo. Pewani mauthenga onamizira banki, apolisi kapena abwana, komanso onena za maliro kapena matenda. Lamulo la dziko lino la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kulowa m'kompyuta ya munthu kapena kusokoneza zam'kati mwake popanda chilolezo, ndipo kunena kuti mumangoseka sikusintha zimene mwachitazo.

Nthawi yosiya ndi kuitana katswiri

Lekani kuyesa nokha mukaona chimodzi mwa izi:

- Task Manager ikukana kutseguka, kapena ikutseka yokha ikangotseguka.
- Windows Security yathimitsidwa ndipo ikukana kuyaka.
- Mwachotsa fayilo mu Startup, koma yabwereranso yokha.
- Mausi ikuyenda yokha, kapena mazenera akutseguka inu osagwira kanthu.
- Mafayilo anu asintha mayina, sakutseguka, ndipo pali uthenga wofuna ndalama.
- Munalemba pasiwedi kapena nambala yachinsinsi mu kabokosi kamene kanatuluka.
- Vuto lomwelo layamba kuoneka pa makompyuta ena a mu ofesi.

Podikira katswiri, zulani chingwe cha netiweki kapena thimitsani Wi-Fi, ndipo musalowetse fulashi ina iliyonse. Jambulani uthengawo ndi foni kuti mawu ake onse aoneke. Sinthani mapasiwedi a imelo ndi a banki pogwiritsa ntchito foni kapena kompyuta ina, osati yokayikitsayo, ndipo ngati munapereka zinsinsi za akaunti ya ndalama, imbirani banki yanu kapena kampani ya foni yanu nthawi yomweyo. Kompyuta ya ofesi ipite kwa a IT a pa ofesipo, osati kwa mmisiri wakumsika, chifukwa muli zinsinsi za kampani ndi za makasitomala. Nkhani ikakhala yakuba ndalama, kanenani kupolisi; bungwe la MACRA lilinso ndi gulu loona za chitetezo cha makompyuta, la Malawi CERT.

Mukafika kwa mmisiri, kaya ku Limbe kaya m'tauni, muuzeni zoona zonse: dzina la fayilo, kumene inachokera, tsiku limene munaidina, ndi zimene mwayesa kale. Mumupemphe kuti asanafomate akopere kaye mafayilo anu pa disiki ina, ndipo kopeyo aiunike ndi antivayirasi isanabwerere m'kompyuta.